Alamu aumirira: kanema wanga ajambulidwe m'munda wa atsamunda ku Zomba

Kodi inu anzanga a pamsika mwaona kuti makanema a nyimbo masiku ano akufanana ngati matimati a mulu umodzi? Galimoto yobwereka, suti yobwereka, dziwe losambiramo la pa loji inayake, woyimba ataima m'mbali mwake ndi magalasi akuda pomwe kusambira sadziwa. Mukaonera atatu mwaonera onse. Chikhalirecho ena mwa oyimbawo timakwera nawo minibasi imodzi ya ku Ndirande, ndipo timawamva akulimbana ndi kondakitala pa nkhani ya chenje.

Akuluakulu amatiuza kuti kale chipwirikiti chimenechi kudalibe. Television Malawi idayamba mu 1999. Isanabwere, woyimba ankangofuna kuti kaseti yake ifike kwa O.G. Issa ku Limbe, ndi kuti wailesi ya MBC iziyiyimba. Nkhope yake anthu ankaionera pa chikuto cha kaseti basi. Lero nyimbo yopanda kanema ili ngati belo la kaunjika losatsegula. Palibe amene angaike ndalama pa chinthu chomwe sanachione, ndipo pa WhatsApp kapena pa YouTube siyenda.

Ndiye alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu, omwe amagulitsa kaunjika mu msika wa Limbe, nawo adakajambulitsa nyimbo ku situdiyo. Nyimbo yake ndi ya mayi wa geni amene amadzuka tambala asanalire, ana ali m'tulo, n'kubwerako kutada, komabe anthu pamudzi n'kumamunena. Mawu alamu ali nawo, zimenezo musakaike. Chomwe chidatsala ndi kanema.

Ndalama yake ndi ya chipereganyu. Ali amayi 10 m'gulu mwawo, ndipo mwezi wa alamu utakwana, m'malo mokaoda belo monga mwa nthawi zonse, adati ndalama iyi ndi ya nyimbo. Achimwene adangoti kakasi. Chiyambire pomwe kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inu nomwe mukudziwa kuti mpamba ukachoka m'manja kubwerera kwake n'kwa minyama. Ndalamayo ikukwanira wojambula tsiku limodzi lokha. Likalakwika tsikulo, kaya ndi mvula, kaya ndi malo, ndiye kuti belo lapita, kanema palibe.

N'chifukwa chake tidagwirizana zoyamba takaona malo tisanatenge ovina ndi zovala. Wojambula wake ndi mnyamata wa ku Bangwe, wa msinkhu wanga, yemwe amadyera maukwati ndi zinkhoswe. Iye ankafuna kanema yense achitikire mu msika wa Limbe momwemo, pa benchi ya alamu. Alamu adakana kwamtuwagalu.

"Achimwene, ine pamsika ndimakhalapo Lolemba mpaka Loweruka. Fumbi lake ndimalidziwa. Mukufuna dziko lonse lindionenso ndili mu fumbi lomwelo? Ine ndikufuna ku Zomba, kumaluwa kuja amajambulitsako a ukwati."

Lachiwiri m'mawa tidakwera minibasi pa Limbe, atatu. Mtunda wake ndi wopitirira pang'ono makilomita 60. Njuli, Namadzi, Thondwe, kenako phiri la Zomba lija n'kuyamba kukula kutsogolo mpaka kudzaza galasi lonse la galimoto. Titatsika pa depoti tidayamba chikweza wapansi, poti alamu adati ya njinga yamoto isungidwe.

Zomba ndi tauni yoti ukamakwera umabwerera m'mbuyo zaka. Kumunsi kuli msika, masitolo, phokoso la ma sipika ndi akabaza. Ukadutsa msewu waukulu n'kuyamba kukwera, phokoso limatsalira, mitengo ya mbawa ikuluikulu n'kukulandira, ndipo umayamba kuona nyumba zakale za boma, za njerwa, makonde aatali ndi malata. Kuno n'komwe kudali likulu la dziko lino mpaka 1975 pomwe a Kamuzu Banda adalisamutsira ku Lilongwe. Aphungu okha adapitiriza kukumana kuno mpaka m'zaka za m'ma 1990, ndipo nyumba ya malamulo yakale ija ikadalipo, kufupi ndi munda womwe tinkapitawo.

Pachipata tidalipira yolowera. Titangolowa, alamu adafunda chitenje m'mapewa. Kumazizira m'menemo, abale, ngakhale dzuwa lili pamutu. Mtsinje wa Mulunguzi, womwe umatsika kuchokera pamwamba pa phiri, umadutsa m'kati mwenimweni mwa mundawo, ukudumpha pa miyala ikuluikulu. M'mbali mwake muli nsungwi zonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, zotalika moti zimakumana kumwamba n'kupanga denga. Pali mitengo ina yoti anthu atatu kugwirana manja sangaizungulire. Ina adaikhomera timapepala ta chitsulo tolembapo maina ake m'chilankhulo cha ophunzira za zomera. Pa kapinga padali ana a sukulu a ku yunivesite ali ndi mabuku, ena akuwerengadi, ena awiriawiri buku lili chotseka.

Alamu adangoima pa kamlatho manja ali m'chiuno.

"Mwaona alamu? Ndimanena ine. Apa ndiye ndidzaime ndi diresi yoyera ija."

Wojambula sadayankhe. Adatulutsa kamera m'chikwama, n'kuwauza alamu kuti aime pomwepo. Atajambula pang'ono adatiitana kuti tione. Nkhope ya alamu idali mawangamawanga ngati nkhanga, apa powala, apa pakuda, chifukwa cha dzuwa lodutsa m'masamba.

Apa m'pomwe ndidaona kuti diso la munthu ndi diso la kamera n'zosiyana. Mnyamatayo adafotokoza kuti pansi pa mitengo ikuluikulu, masana, kuwala kumagwa madonthomadontho, ndipo woyimba akasuntha pang'ono nkhope imasintha. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa likadali chammbali, kapena tsiku la mitambo yopyapyala. Madzulo m'mitengo mumada msanga kusiyana ndi kunja, ndiye ukachedwa ndi kudzola ndi kumanga duku, tsiku latha. Diresi yoyera nayo adaikana. Ati zoyera zimathobwa kamera pakati pa masamba akuda, nkhope n'kusowa. Zobiriwira ndiye n'kosayamba, munthu amangosanduka chitsamba. Iye adati chitenje chofiira kapena chachikasu.

Kenako adayatsa ka sipika kake, n'kuika nyimbo ya alamu, n'kukaima patali pomwe kamera idzakhale. Alamu pa kamlatho paja sadamve kanthu. Mulunguzi adameza nyimbo yonse. Ena mwina simudziwa kuti pa kanema woyimba sayimba zenizeni, amangotsatira ndi milomo nyimbo yomwe idajambulidwa kale ku situdiyo. Tsono akapanda kuimva bwino, milomo imatsogola kapena kutsalira, ndipo anthu oonera amaseka. Ndiye pafupi ndi madzi pafunika sipika yamphamvu, yoibisa kuseli kwa mwala. Sipika yamphamvu ifuna batire yamphamvu, ndipo pa mtengo palibe soketi. Zonsezo zidzayenda pamutu kuchokera pachipata.

Tili m'kati moyeza izi, bambo wina wachikulire wogwira ntchito m'mundamo, yemwe ankasesa masamba chapafupi, adatiyandikira. Tidapatsana moni.

"Ana anga, mukujambula za ukwati?"

"Ayi bambo, ndi za nyimbo. Lero tikungoona malo."

"Mwachita bwino kubwera Lachiwiri. Loweruka muno mumadzaza akwati. Mukanaima pa mzere kudikira kamlatho kameneka."

Adatilangiza kuti ndalama ya pachipata ndi ya munthu wodzacheza. Wobwera ndi gulu, makamera ndi zoimbira ayambe wapita ku ofesi kukagwirizana nawo, tsiku ndi mtengo zidziwike, ndipo atenge lisiti. Mtengo sindiulemba pano poti mitengo masiku ano ikusintha ngati nyengo ya chiperoni, pitani mukamve nokha. Adatinso maluwa sathyola, pa mtengo sakhomapo msomali wopachikira nsalu, moto sasonkha, ndipo zinyalala aliyense amatuluka nazo. Pomaliza adaloza jumbo ya alamu momwe mudali mandasi.

"Iyo mugwire bwino mayi. Eni ake a muno sapempha."

Ankanena anyani. Tidawaona pambuyo pake atakhala pa mwala kutsidya, akutiyang'ana ngati a khonsolo oona ziphaso.

Munda umenewu si wa dzulo. Udayamba mu 1891, chaka chomwe Angerezi adalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo. Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba, adabwera ndi mkulu wina wa ku Scotland wodziwa za zomera, Alexander Whyte, ndipo ndi iyeyu adayambitsa mundawu. Dzina lake lidatsalira pa mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, womwe m'mabuku amautcha Widdringtonia whytei. Tangoganizani, mtengo womwe udamera pa phiri la Mulanje makolo a Whyte asanabadwe, lero dziko lonse lapansi likuutchula ndi dzina lake.

Chapafupi pali nyumba ya nsanja ziwiri zosongoka, ya Masongola, yomwe pambuyo pake idasanduka hotela. Idamangidwa mu 1886 ndi John Buchanan, ndipo Johnston adakhalamo. Buchanan ameneyu adabwera ndi mishoni ya ku Blantyre ngati wosamalira dimba, kenako n'kudzatsegula minda yakeyake ya khofi kuno ku Zomba, m'mbali mwa Mulunguzi momwemu. Kuyambira 1987 mundawu uli m'manja mwa bungwe la boma la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe lilinso ndi minda ina ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo limasunga zitsanzo za zomera za dziko lino zoumitsa, kuti ophunzira azizifufuza.

Koma chomwe anthu ambiri odzajambulitsa pano sadziwa n'chakuti Whyte sadalime mundawu kuti akwati azidzaimamo. Udali munda woyesera. Ankabweretsa mbewu ndi mitengo kuchokera maiko ena kuti aone zomwe zingamere kuno n'kubweretsa ndalama. Kunena mwachidule, idali geni. Boma la Johnston linkafuna dziko lizidzilipirira lokha, n'chifukwa chake lidabweretsanso msonkho wa nyumba, womwe udakankhira makolo athu ku minda ya azungu. Ndipo musaganize kuti Whyte ankagwira khasu yekha. Okumba maenje, otunga madzi ku Mulunguzi, osenza mbande ndi katundu pamutu adali anthu akuda a m'midzi yozungulira phirili. Pa timapepala ta chitsulo tija palibe dzina la ngakhale mmodzi.

Mawu oti atsamunda aja, mukawamvetsa bwino, muli munda m'kati mwake.

Izi ndidawafotokozera anzangawo titakhala pa benchi, tikudya mandasi mobisa. Wojambula adalumphira pomwepo.

"Mwamva mayi? Nyimbo yanu ndi ya mayi wovutika. Ndiye tikamuike m'munda wa azungu atavala ngati mkwatibwi? Anthu adzati nyimbo ikunena zina, kanema akunena zina. Tiyeni ku Limbe."

"Inu achimwene, wovutika saloledwa kukongola? Tsiku limodzi lokha? Azungu anapita kalekale. Panopa ndi munda wa boma, ndipo msonkho wa pamsika ndimadula tsiku lililonse."

Kunena zoona onse awiri adali ndi mfundo. Mnyamatayo amadziwa ntchito yake. Kanema wa maluwa okhaokha, woyimba akuyendayenda n'kumagwira masamba, tawaona ambiri ndipo palibe amene timamukumbuka. Koma ine ndidaima ndi alamu, pa chifukwa china. Anthu ojambula, makamaka aja amabwera ndi mabungwe, amakonda mayi wa pamsika ali wotuwa, mwana kumsana, ntchentche zikuuluka. Akasamba n'kutchena amati sakuoneka weniweni. Nanga weniweni ndi uti? Amene amamuona Lamulungu kapena pa chinkhoswe cha mwana wake si yemweyo?

Ndiye ndidati bwanji zonse ziwiri zilowe m'munda momwemu. Alamu alowe pa kanjira ka nsungwi kaja atasenza belo pamutu, atavala za ku geni, monga ankalowera osenza katundu a nthawi ya Whyte. Akafika pa mtsinje atule. Ndime yomaliza ya nyimbo ikamafika, aoneke pa kamlatho atatchena chitenje chofiira, amayi a chipereganyu ali pambuyo pawo.

Alamu adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Alamu, inu ndi achimwene anu ndinu amodzi. Ndalipira ndalama zanga kuti ndidzasenzenso belo ku Zomba?"

"Lidzakhala la masamba a nthochi m'kati, alamu. Lopepuka."

"Ndiye anzanga a pamsika adzaona kuti khosi silikulemedwa. Mukuganiza kuti ndi ana? Ngati n'kusenza, ndisenza lenileni."

Wojambula adaseka mpaka kutsokomola, n'kuyamba kulemba mu foni.

Tidazungulirabe kufuna malo ena. Pali bwalo la kapinga lotseguka pomwe phiri limaonekera kumbuyo, ndipo mnyamatayo adati apa ndiye povinira, chifukwa kuwala n'kofanana ndipo pansi n'posalala. Pa miyala ya mu mtsinje adakana. Ndi yoterera ndi ndere, ndipo wovina mmodzi akathyoka mwendo, ndalama ya chipereganyu ithera ku chipatala. Adayezanso mtunda kuchokera povinira kukafika posinthira zovala, poti amayi 10 kusintha zitenje kuseli kwa nsungwi, ana a sukulu ali pomwepo ndi mafoni awo, ndi kanema wina amene sitikumufuna.

Za pamwamba pa phiri tidakambako pang'ono. Kuli damu la Mulunguzi, kuli mathithi a Williams, kuli Emperor's View pomwe adaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Malo okongola ndithu. Koma kukweza anthu 15 kumeneko ndi galimoto yapadera, ndipo nkhungu ikatsika palibe chomwe kamera ingaone. Alamu adawerengera pa zala n'kunena kuti mfumuyo idali ndi ndalama zake.

Nkhani ya mwezi ndiyo idatenga nthawi. Nthawi ya dzinja mundawu umabiriwira bwino, koma mvula ya ku Zomba sipangana ndi munthu, ndipo Mulunguzi amafiira n'kukalipa. Juni ndi Julaye kuli chiperoni, ovina adzanjenjemera milomo ili gwa. Okutobala kapinga amakhala atauma. Tidagwirizana Meyi, mvula itangosiya, masamba akadali obiriwira, tsiku la pakati pa sabata. Minibasi yoyamba kuchoka ku Limbe, kudzola ndi kumanga maduku zichitikire kunyumba, kuti pomwe chipata chikutsegulidwa kamera iyambe.

Ku ofesi adatilandira bwino, n'kutiuza zoyenera kulemba ndi tsiku lobweretsa. Alamu adafunsa kawiri ngati mtengowo ungatsike. Dzanja la pamsika silimva malo.

Potsika tidalowa mu msika wa Zomba, ndipo apa wojambula adapezanso mpata. Adati ndime yoyamba ija, ya mayi akuyala katundu m'bandakucha, singachitike m'maluwa. Ifuna benchi yeniyeni. Alamu, omwe adakanitsitsa za Limbe, kuno adavomera msanga. Chifukwa chake n'chosavuta. Ku Limbe aliyense amawadziwa. Kamera ikangotuluka, wa benchi yoyandikana adzafuna yake, anyamata onyamula katundu adzafuna yawo, ndipo wina yemwe adakangana nawo chaka chatha adzaima kumbuyo n'kumakuwa. Ku Zomba ndi alendo. Koma chifukwa choti ndi alendo, adati ayambe aonana ndi akuluakulu a msika, ndipo mayi yemwe adzabwereke benchi yake adzapatsidwe kangachepe poti ola limenelo sagulitsa.

Apa ndikuuzeni inu eni misika. Munthu akabwera ndi kamera pa benchi yanu, muli ndi ufulu womufunsa kuti ndi za chiyani ndipo zikaonetsedwa kuti. Mukafuna kanani. Mukavomera, gwirizanani zisanayambe, osati nkhope yanu itayenda kale m'mafoni a dziko lonse. Alamu amadziwa zimenezi poti nawo adaonekapo kumbuyo kwa kanema wa munthu wina akutafuna chinangwa, ndipo mpaka lero pamsika amawatchula nazo.

Msika wa Zomba ndi wa zakudya. Matemba a ku Chilwa, mpunga, kabichi, mapeyala, ndi zipatso zija za kuphiri zomwe anyamata amagulitsa m'timbale m'mbali mwa msewu wa ku Ku Chawe. Ine ndi wojambula tidatsogola ku depoti. Tidadikira mphindi 40, minibasi ziwiri n'kutisiya. Alamu adatulukira ali ndi thumba la mbatata ya kachewere pamutu ndi ndowa ya mapeyala m'manja, atanenerera mpaka wogulitsa kufuna kulira.

"Mukundiyang'ana chiyani? Thiransipoti ya anthu atatu ibwera yokha? Izi mawa pofika 10 koloko zatha pa Limbe. Alamu, gwirani ndowayi, ndipo kondakitala akafunsa munene kuti ndi katundu wa m'manja."